Ola Limene Orbelina Anabisa

Orbelina Zúniga sanakwerepo ndege chibadwire. Koma mutamudzutsa kutulo n'kumufunsa kutalika kwa ulendo wochokera ku Alexandria, ku Louisiana, kudzatera pabwalo lathu la ku La Lima, akhoza kukuyankhani maso ali chitsinzinire: "Makilomita 1,800 ndi kanthu. Maola atatu, kuchotsapo timphindi ngati mphepo ikukankha kumbuyo." Yochokera ku Arizona, makilomita opitirira 3,000, maola anayi ndi theka. Yochokera kumunsi kwa Texas, maola awiri ndi theka. Sukulu analekezera kalasi yachinayi. Zonsezi anaziphunzirira pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa msewu wotuluka kubwalo la ndege, pomwe anagulitsa zingwe za nsapato zaka khumi ndi zinayi.

Inde, zingwe za nsapato. Musaseke. Anthu athu akagwidwa ku Amerika amalandidwa malamba ndi zingwe kuopa kuti angadzimangirire. Ndiye akawabweza, amatsika kuno dzanja limodzi litagwira buluku m'chiuno, nsapato zili yasa, zikulira phatha! phatha! pa tala. Ambiri basi imawatengera kudepoti ya mumzinda wa San Pedro. Koma amene kwawo n'konkuno amatuluka wapansi, ndipo akangokhota pa ngalande, poti geti silionekanso, ankakumana ndi Orbelina ndi thabwa lake la misomali, zingwe zili lende, chilichonse chitakulungidwa kapepala pakati.

Aliyense wogula ankamufunsa mafunso awiri: "Mwanyamukira kuti? Nthawi yanji?" Akayankha, iye ankayang'ana wotchi yosweka galasi imene inali pamkono pake. Wotchiyo inali ya mwamuna wake Edgardo, kondakitala wa basi, amene anawomberedwa pakhomo la basi yakeyo dzuwa likuswa mtengo, anthu makumi atatu akuona, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe woti anaona.

Orbelina anabadwira mumsasa wa esiteti ya nthochi. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kumusiyira mlongo wake Selvin, kamwana ka zaka zitatu. Anamubereka kumbuyo, kumutafunira, kumukwapula, mpaka anakula n'kupeza ntchito kubutchala. Anthu ankati Selvin ali ndi achemwali amene ndi mayi ake omwe.

Patangotha miyezi inayi Edgardo ataikidwa m'manda, anyamata a gulu lolamulira dera lathu anafuna nyumba yawo, chifukwa ili pakona poonekera misewu iwiri. Anatuma Cusuco, mng'ono wa mtsogoleri wawo Chele Nahún. Cusuco anapeza Orbelina akuchapa, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Anamuuza kuti pofika mawa akhale atasamuka. Orbelina anafunsa kuti apite kuti. Yankho linali chidendene cha nsapato pamimba, kawiri. Mwana wa Edgardo anatayikira pasimenti pomwepo, m'madzi a sopo.

Selvin anamva ali kuntchito. Sanavule ndi epuloni yomwe. Anatenga chikwanje chodulira mafupa, n'kukapeza Cusuco akusewera makadi paokala. Amene analipo amati anatema katatu, ena amati kasanu, koma onse amagwirizana kuti makadi anamatirira patebulo ndi magazi. Cusuco anafera pomwepo, ndipo tsiku lomwelo Selvin anathawa. Anayenda masiku makumi anayi ndi limodzi, pa basi, wapansi, pamwamba pa sitima za katundu, mpaka anawoloka kulowa ku Amerika.

Nahún sanaphe Orbelina. Anamukokera kubwalo la mpira masanasana, n'kuika dzanja lake lamanzere pa chitsa. Kha! Kha! Zala ziwiri zinadumphira m'fumbi.

"Zitatu zotsalazi ndakubwereka," anatero. "Pita ukakhale pamango pako paja. Onse amabwerera, masteni. Tsiku lomwe mlongo wako adzabwere, udzandilozere nazo."

Choncho kwa zaka zisanu ndi zinayi Orbelina anali nyambo, ndipo ankadziwa. Ndege iliyonse yoyera yopanda dzina ikamatera, iye ankapemphera pemphero limene palibe mayi wina pamsewu uja ankapemphera: loti wake asakhalemo.

Lachisanu lina m'mwezi wa Malichi foni inalira. Mawu anali a munthu wamkulu, okhakhala.

"Achemwali, andigwira. Lolemba ndikubwera."

Anangonena zomwezo, foni n'kuduka.

Lamulungu masana, Orbelina atangobwera kutchalitchi n'kuika chiwaya pamoto, chitseko chinatseguka ndi mwendo. Analowa Nahún, woyera khungu ngati mkate wosapsa, khosi lonse zojambulajambula. Kumbuyo kwake kunali chimunthu chonenepa chosayankhula chimene ankachitcha Toro. Nahún anakoka mpando, natola m'mbale baleada, mkate wathu wopyapyala wopindiramo nyemba, nyembazo zikudontha, n'kuluma.

"Mchere wachepa, masteni. Mwayamba kuiwala? Ukalamba uwo." Anatafuna pang'onopang'ono. "Tili ndi mnyamata wathu m'ndende imodzi ndi mlongo wanu. Akuti ndege ya mawa. Inyamuka ku Alexandria eyiti koloko. Paja inu ndi aphunzitsi a ndege kuno. Tiuzeni, itera nthawi yanji?"

Orbelina anatembenuza baleada pachiwaya.

Nahún anakweza nsidze. Toro anamugwira tsitsi, n'kumukanikiza tsaya pa chiwaya chamoto. Tswiii! Fungo la khungu linadzaza m'nyumba. Orbelina anakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha, koma mazenera a aneba anatsekeka limodzi limodzi.

"Maola atatu!" analira. "Imayenda maola atatu!"

Toro anamusiya. Nahún anatulutsa foni yake, nadinadina. "Alexandria kufika San Pedro… makilomita 1,800… maola awiri ndi mphindi makumi asanu. Eee, Toro, gogoyu ndi kompyuta!" Anayamba kuwerenga ndi zala, akumuonetsera Orbelina kuti iye ali nazo zonse. "Eyiti. Naini, teni, leveni. Sabata yatha inatera nthawi yanji?"

"Leveni."

"Nanga m'kati mwa bwalomo, powapatsa khofi wawo uja ndi kuwalemba mapepala?"

"Ola limodzi. Nthawi zina kupitirira."

"Ndiye kutuluka thwelofu. Ife tifika kota tu." Anaimirira n'kupukutira zala pa nsalu ya patebulo. Sakanatha kukagonera kubwaloko kuyambira m'mawa, chifukwa galimoto za apolisi zimadutsadutsa pamsewu uja, ndipo munthu wa khosi ngati lake sangaime pamenepo maola atatu osafunsidwa. N'chifukwa chake ankafuna nthawi yeniyeni. "Zaka naini munthu amasintha nkhope. Ndiye akatuluka mumukumbatire mwamphamvu, tione bwino. Tikapeza pamango palibe munthu, dera lonse lino lidzamva kununkha kwanu." Anatola foni ya Orbelina pawindo n'kuiika m'thumba.

Atatuluka, Orbelina anakhala pansi, tsaya likuyaka. Ndipo apa mvetserani bwino, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Mayiyu sananame mawu ndi amodzi omwe. Anangosiya kunena chinthu chimodzi.

Chaka chake choyamba pamango paja, Lolemba lina m'Malichi, anafika monga mwa masiku onse n'kupeza anthu a ndege atadutsa kale. Anabwerera osagulitsa ndi chingwe chimodzi chomwe. Mawa lake bambo wina wobwezedwa anamufotokozera: "Mayi, azungu aja amakankha mawotchi awo. Lamulungu lachiwiri la Malichi amawapititsa kutsogolo ndi ola limodzi, mu Novembala n'kuwabweza. Ife kuno sitikankha." Kuyambira pamenepo Orbelina sanaphonyenso. Ndipo Lamulungu limeneli, limene tsaya lake linapsa, linali lachiwiri la Malichi. Eyiti koloko ya ku Louisiana mawa lake inali seveni yathu. Ndege ikatera teni.

Ola limodzi. Foni ya Nahún inadziwa makilomita, inadziwa maola, koma iye sanaifunse za mawotchi.

Dzuwa litapendeka anadzola mankhwala otsukira mano pabala, n'kupita kwa Don Arnulfo, mdala wa lole yonyamula nthochi kupita kumalire a Guatemala, ku Corinto, Lolemba lililonse. Anali mnzake wa Edgardo wa ponda apa nane mpondepo. Anamupeza atagona pansi pa lole, miyendo yokha ili kunja.

"Doña Orbe!" anatero akutuluka. "Tsayalo bwanji? Mwafika popsompsona chiwaya chifukwa chosowa mwamuna? Ine mukundiona ngati mtengo?"

"Inu mdala, mano anatha koma pakamwa sipatopa. Lole yanu imanyamuka nthawi yanji mawa?"

"Naini. Monga kale."

"Mawa iwonongekera pa ngalande ya kubwalo la ndege. Mutsegula boneti, muzitukwana injini mpaka ndikuuzeni."

Don Arnulfo anayang'ananso tsaya lija, kuseka kukuchoka pankhope. "Ndi Selvin?"

"Ndi Selvin."

"Mayi, ndili ndi zidzukulu zisanu. Anthu aja amawotchera munthu m'lole momwemo."

"Ndikudziwa. Maola awiri okha, bambo. La Lima mpaka Corinto. Sindidzatchula dzina lanu."

"Onse amatero asanagwidwe."

Orbelina anakweza dzanja lake la zala zitatu. "Tsiku lija anandifunsa kuti Selvin wadzera njira iti. Mukuganiza ziwirizi zinapita chifukwa ndinayankha?"

Mdala uja analavula pansi, napukuta sipanala ndi malaya. "Edgardo ankandiuza kuti anakwatira mwala. Pitani. Injiniyi imafa yokha ngakhale osaipempha."

Lolemba, hafu pasiti naini, Orbelina anali atakhala kale pamango, thabwa lili chilili. Patsidya pa ngalande lole ya nthochi inali yasa kukamwa, Don Arnulfo akuitukwana mpaka agogo ake a injiniyo. Teni koloko inakwana. Kumwamba kuli mbee. Teni pasiti. Kota pasiti. Mphindi iliyonse inali ngati munthu akumubudula nyama. Nanga ngati chaka chino azungu sanakankhe? Nanga ngati achedwa kumanga anthu maunyolo?

Twente pasiti teni, inatulukira pamwamba pa minda ya mizimbe, yoyera, yopanda dzina. Pa ola lake lija, mphindi makumi awiri zinali zitadyedwa.

Leveni. Kota pasiti, basi ya kudepoti inadutsa, nkhope zili kakaka pamawindo. Kenaka, twente faifi pasiti, anamva: phatha! phatha! phatha! Anakhota pa ngalande anthu khumi ndi awiri. Wachitatu anali bambo wandevu, wamimba, wotsimphina. Orbelina anamudziwira khutu lakumanzere, limene anang'ambika ndi waya ali mwana.

"Achemwali!" Selvin anatambasula manja, misozi ili chuchuchu.

Phaa! Mbama inamveka mpaka patsidya.

"Usandikhudze! Lole iyo. Lowa pansi pa nthochi, usatulutse mutu mpaka mdalayo akuuze."

"Achemwali, tsaya lanu… dzanja lanu! Ndani…"

"Iwe, ndinakutafunira chakudya ine, usandifunse mafunso pamsewu. Akubwera kota tu thwelofu. Thamanga!"

"Tiyeni limodzi ndiye!" Anamugwira mkono n'kuyamba kumukoka.

"Chitsiru! Akapeza pano palibe munthu aimba foni, misewu yonse itsekedwa usanafike ndi ku Choloma komwe. Akandipeza ndakhala, azidikira ndege imene yatera kale." Selvin sanasiye mkono. Orbelina anamuluma padzanja mpaka magazi, nazula zingwe pathabwa osayang'ana, n'kumupanikizira m'thumba. "Ukamange kutsogolo. Choka!"

Boneti inagwa, gwa! Hafu pasiti leveni lole inanyamuka, utsi uli tolo.

Koma pamsewu panatsala anthu khumi ndi mmodzi, atangoima, nsapato zili yasa. Ngakhale mwana akanadziwa kuti ndege yatera. Orbelina anayamba kuzula zingwe, kung'amba timapepala ndi mano.

"Zaulere lero! Mangani, muzipita! Musaime pano, kukubwera imfa!"

"Mayi, ine ndimafuna zoyera," anatero mnyamata wina wamatama, akuyankhula Chisipanishi chopotoka ngati wabadwira ku Houston. "Nsapato izi ndi za ndalama zambiri."

"Zoyera adzakuveka m'bokosi, galu iwe! Bweretsa mwendo!"

Anagwada pa tala wotentha, zala zisanu ndi zitatu zikulowetsa zingwe m'mabowo ngati makina. Wina anamukankha, wina anamutukwana, mayi wina wolira anachita kumukweza pa njinga yamoto ya hayala. Womaliza atazimiririka pakona, wotchi ya Edgardo inati twente tu thwelofu. Anakhala pansi, nakonza diresi, napinda manja.

Njinga yamoto ya Nahún inafika kota tu ndendende.

"Masteni! Mwadzola bwino lero. Yatera?"

"Yatera."

"Leveni?"

Orbelina anangoyang'ana kugeti. Nahún anaseka, nakhala pa muzu wa mango, mfuti ili pansi pa malaya. Toro anaima kuseri kwa mtengo. Thwelofu inakwana. Kota pasiti. Galimoto ya apolisi inadutsa, Nahún n'kukweza kolala. Hafu pasiti. M'mutu mwa Orbelina lole inali itadutsa Choloma, ikutsetsereka kulowera kunyanja, ku Puerto Cortés.

Twente tu wani, Nahún anayamba kusewera ndi fumbi ndi nsonga ya nsapato. Kenaka anawerama. Anatola kapepala. Anatolanso kena. Timapepala tokulungira zingwe tinali mbwee pansi pa mango ponse, tina tili ndi malovu osauma. Orbelina anakumbukira anthu, anakumbukira nsapato, koma anaiwala kusesa.

"Bizinesi yayenda m'mawa uno," anatero Nahún motsitsa mawu. "Wagulitsa kwa ndani, iwe, anthu asanatuluke?"

Sanadikire yankho. Kumbuyo kwa mfuti kunagwa pakamwa pa Orbelina, mano awiri n'kulowa m'kati. Toro anamunyamula ngati thumba, kutsika naye m'ngalande, kukwera tsidya lina, mpaka m'kati mwa mizimbe momwe munthu angakuwe osamveka. Anamumanga miyendo ndi zingwe zake zomwe.

"Misewu ndi itatu," anatero Nahún, foni ili kudzanja. "Wa ku Copán, wa ku Tegucigalpa, wa ku Corinto. Anyamata ndili nawo konse, koma sindingaimitse dziko lonse. Msewu uti? Galimoto yanji?"

Orbelina analavula magazi.

Toro anaponda pamkono. Wotchi ya Edgardo inaphwanyika, phwa! Ndipo apa mpamene mantha enieni anamugwira mayiyu, chifukwa tsopano analibe poonera nthawi. Anayenera kuwerenga yekha. Nsapato inagwa m'nthiti, iye n'kunena mumtima: Puerto Cortés, akukhota kumanzere. Inagwanso: mlatho. Anakomoka, anamuthira madzi a m'ngalande, anadzuka. Omoa.

"Zala zanga zija," anatero Nahún akusolola chikwanje kwa Toro. "Ndinakubwereka kuti udzalozere. Sunaloze. Bweza."

Kha!

Kukuwa kwake kunabalalitsa mbalame m'munda monse. Nahún anakhala chonjuta pafupi naye, akuyankhula ngati mwana wopempha.

"Masteni, munthu uja anakusiyani zaka naini mukuvutika nokha. Anakutumiziranipo dzanja latsopano? Tchulani msewu basi. Ndikupititsani kuchipatala ndekha."

"Madzi," ananong'ona Orbelina. Sankafuna madzi. Ankafuna mphindi zimene Toro angathe popita kungalande ndi kubwerako. Atabwera nawo anamwa pang'onopang'ono, nasanza, napemphanso ena. Cuyamel, anatero mumtima. Kapena sanafike? Lole yodzaza imakwawa pachitunda.

"Ukundiseweretsa," anatero Nahún. Kha!

Panatsala chala chachikulu chokha. Dziko linada bii, n'kuyeranso. Dzuwa linali litasuntha pamwamba pa mizimbe, koma ndi zingati? Anatsegula diso limodzi limene linkatsegukabe.

"Ndinena," anatero. "Koma undiuze kaye. Nthawi ili bwanji?"

Nahún anayang'ana foni. "Faifi tu thuu. Yankhula."

Orbelina anayamba kugwedezeka. Toro anaganiza kuti akutsirizika. Koma kunali kuseka, kuseka kwa munthu wothyoka nthiti, kotuluka ndi thovu lofiira.

"Mwana iwe," anatero, "foni yakoyo inakuuza makilomita. Sinakuuze kuti azungu anakankha mawotchi dzulo? Ndege inatera teni. Mlongo wanga pano akudya nthochi m'dziko la eni."

Nahún anaima nthawi yaitali, milomo ikuyenda, akuwerengabe: seveni, eyiti, naini, teni. Kenaka anakweza mfuti n'kuwomba kawiri.

Chipolopolo chimodzi chinalowa m'dothi. China chinadutsa pakati pa khosi ndi phewa, n'kutulukira kumbuyo. Odula mizimbe anamupeza cha m'ma folo koloko, nyerere zitayamba kale ntchito, namunyamula pa chitseko. Madokotala anasoka zimene zinkasokeka. Atatuluka m'chipatala, masisitere ena anamuzembetsera kumapiri, kumudzi umene dzina lake silitchulidwa. Dzina la Don Arnulfo silinatuluke pakamwa pake m'mizimbe muja, ndipo mdalayo anayendetsabe lole yake mpaka pamene mtima unamuimira chaka chatha, ali pabedi pake.

Pamango paja pano pali munthu wina wogulitsa madzi ozizira. Nyumba ya pakona anyamata a Nahún anaitenga. Orbelina amavala patapata, chifukwa chala chimodzi sichimanga mfundo. Ndege ikadutsa patali pamwamba pa mapiriwo amaimabe, n'kuyang'ana pamkono pomwe palibe wotchi.

Selvin ali moyo. Amadula nyama mumsika wina ku Guatemala, ndipo amaimba foni Lamulungu lililonse. Zingwe zija zimene mlongo wake anazula osayang'ana zinapezeka kuti china n'chakuda, china n'chofiirira. Nsapato wasintha kanayi, koma zingwe amasamutsa zomwezo.

"Ukuvalabe zosiyana zija?" amafunsa Orbelina, mawu akutulukira pampata wa mano.

"Ndikuvalabe, achemwali."

"Chitsiru. Anthu aziti mlongo wako sankadziwa ntchito. Kagule zina."